Mtondo ndi Wanu, Nyimbo ndi Yanga

Padangokhala, kale nyama zikadapalana moto ndi kukwatirana osafunsana mtundu, padali Kakowa. Tiyambe ndi iyeyo, chifukwa ndi amene adamulakwira Nungu, ndipo wolakwa amayenera kutchulidwa dzina anthu asanakhale n'pansi pomwe.

Nungu adali mkamwini m'mudzi wa mfumu Njiri. Adakwatira Ntchenzi, mkazi wolimbikira ntchito koma wapakamwa. Kwawo kwa Nungu kudali kutali, ndipo mudziwo udabalalika ndi njala. Amake analibe mwana wamkazi, choncho pomwalira mtondo wawo wa mlombwa adausiyira mpongozi wawo Ntchenzi. Chakwawo chimene Nungu adatsala nacho chidali chokhacho. Ntchito yake idali yosema mipini, misi ndi zitseko, ndipo chinthu akachigwira ankafuna aone kaye m'kati mwake. Pabwalo sankamuwerengera. Akati ayankhule, ankamukumbutsa kuti mkamwini ntchito yake n'kulima ndi kufolera denga.

Tsiku lina kudabwera Kakowa atavala zoyera mbee, Ng'ombe atamusenzera mitondo yatsopano. Adaimika umodzi pabwalo, adathiramo chimanga, adaugogoda katatu ndi mlomo. Musi udadzuka wokha n'kuyamba kusinja. Akazi adaimba nthungululu.

"Kwathu ndidaziona izi," adatero Nungu. "Akazi akaimba bwino, misi inkavina yokha."

Bwalo lonse lidaseka.

"Ameneyu ndani?" adafunsa Kakowa.

"Mkamwini chabe, bwana, musamumvere," idatero mfumu Njiri. "Tatiuzani, mphamvu yake ili pati?"

"Kunsi kwa mtondo kuli nsupa. Mu nsupamo muli nyimbo imene ndidapeka ndekha. Imanong'oneza musi, musi n'kumagwira ntchito."

"Tikagula ndiye kuti zonse n'zathu?" adafunsa Nungu.

"Mtondo ndi wanu, nyimbo ndi yanga. Ndikungokubwerekani. Pakamwa pa nsupa ndamata phula. Aliyense woswa phulalo kapena kuboola nsupa, alibenso chake pa mtondowo ndi zonse zili momwemo. Mwezi ukaoneka ndizibwera kudzaidyetsa nyimbo, inu muzindipatsa lichero la ufa. M'mudzi muno musamaimenso mtondo wina. Mitondo yakaleyi ndipatseni ndikusungireni. Tsiku limene mudzaifune, ndidzabweza."

Mfumu Njiri sidafunse kalikonse, poti Kakowa adali atainong'oneza kuti mtondo wa kunyumba ya mfumu ndi waulere. Idaponda chiboda pa dongo lofewa, dongolo lidauma, pangano lidatheka.

Pofika kunyumba Nungu adapeza mtondo wa amake uli kale pamsana pa Ng'ombe.

"Mayi, umenewo ayi," adatero Nungu kwa mkazi wake.

"Adandipatsa ine kapena inu? Amasinja ndinu? Taonani zikhatho zangazi."

"Usadandaule, mkamwini," adatero Kakowa. "Ndausunga. Ndi mlombwa, suola."

Zidatha zaka zitatu. Zikhatho za akazi zidafewa. Nyimbo za pamtondo zidaiwalika, poti panalibenso wozifuna. Kakowa ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankadziwa ngakhale mphale imene munthu wakonola mobisa kuseri kwa nkhokwe. Anthu ankangoti bwanayo ndi wanzeru.

Chaka chachinayi mvula idadula msanga. Chimanga chidapserera, koma mawere adapirira. Ntchenzi adathira mawere mu mtondo, adagogoda katatu. Musi zii. Adagogodanso. Zii. Adati aunyamule asinje ndi manja, musi udakana kuzuka, ngati wamera mizu.

Kakowa atabwera, akazi adamuzungulira.

"Bwana, mitondo yafa."

"Siinafe. Imeneyi ndi ya chimanga. Ya mawere ndi ina, nyimbo yake ndi ina, lichero lakenso ndi lina."

"Nanga mtondowu si wanga?" adafunsa Ntchenzi.

"Ndi wanu, mayi. Khalanipo, ugonereni, uitaneni dzina. Koma nyimbo ndi yanga."

"Ndiye bwezani mitondo yathu yakale ija."

"Ili kutsidya. Madzi akaphwa."

Madzi adali ataphwa kalekale. Ana adayamba kudya mawere owiritsa osasinja, mimba n'kumawapota.

Nungu adatenga nkhwangwa ndi sompho, adagwetsa mtengo, ndipo pa masiku anayi adasema mtondo ndi musi wake, wopanda nsupa, wopanda phula. Ntchenzi adasinja mawere tsiku limodzi lokha. Mawa lake Kakowa adatera pabwalo atanyamula dongo la chiboda lija.

"Mfumu, ichi n'chiboda cha yani?"

"Changa."

"Chimati chiyani?"

"Chimati musamaime mtondo wina."

"Nanga uwo?"

Mfumu idakanda kumutu. "Komatu ana akuvutika, bwana."

"Ufa wa kunyumba kwanu ukuvuta?"

Mtondo wa Nungu adauwaza nkhuni iye akuona. Adatola sompho lake n'kubwerera kunyumba akung'ung'udza kanyimbo. Kanyimboko kadali chiyambi cha nyimbo ya amake ya pamtondo, mbali ya woyambitsa, imene imafunsa kuti mwini mtondo ndani. Nungu ankadziwa funso lokhalo. Yankho la ovomera sankalidziwa, chifukwa ali mwana akazi ankamuthamangitsa pamtondo, amvekere mwamuna wokhala pamenepa amamera mabere. Ndiye nyimbo yake inkathera m'malere, yopanda woivomera.

"Mwayambanso ya akazi ija," adatero Ntchenzi. "Nyimbo tidya?"

Poyesa njira ina, Nungu adapita kwa Nankafumbwe, nkhalamba yamasiye imene inalibe mnzake chifukwa cha mbiri yake ya m'nkhokwe za eni.

"Agogo, ndabwera ndi ntchito."

"Lero ndakhala agogo? Dzana mkazi wako adandiyanika padzuwa."

"Zakale izo. Pali chimene simungaboole?"

"Mwala wokha."

"Nsupa?"

"Nsupa ndi dzungu louma, mwanawe."

"Mukalowemo, mukamvere, mudzandiuze zimene imanong'ona."

"Malipiro?"

"Chitsononkho chimene ndidasunga cha mbewu."

Nankafumbwe adaboola kabowo kochepa ngati diso la singano pa nsupa ya mtondo wa Ntchenzi, adalowa, adakhala pang'ono, adatuluka akutsokomola.

"M'kati mukununkha fungo la chinthu chotsekeredwa kalekale. Mawu ake ndi otsika, ndangotolako poyambira." Ndipo adaimba ndi mawu ake onjenjemera.

Minga yonse ya Nungu idaima. Lidali funso lija, lofunsa mwini mtondo.

"Imbaninso."

Adaimbanso.

"Mawuwo ndi a mwamuna kapena a mkazi?"

"A mkazi wachikulire, wosasa mawu pang'ono."

Nungu adakhala pansi. Adakumbukira dzinja lina ali mwana, pamene kwawo kudagwa mbalame yoyera yothyoka phiko. Amake adaimanga phikolo ndi luzi, adaigoneka pafupi ndi mtondo kuti izitola zogwa. Idakhala dzinja lonse ikudya ndi kumvetsera. Itachira idauluka osatsazika.

Asanadzuke n'komwe, Kakowa adali atafika ndi mfumu, poti nsupa idali itamuuza kale.

"Kabowo aka waboola ndani?"

"Ndatuma ndine," adatero Nungu. "Nyimbo ili umo ndi ya mayi anga."

"Mwamva, mfumu? Dzulo amaba ntchito yanga, lero akuba ndi nyimbo yomwe. Umboni uli kuti, mkamwini? Imba yonse timve."

Nungu sakadatha. Ankadziwa funso lokha.

Mtondo wa Ntchenzi adaunyamula. Mfumu Njiri idaloza Nungu ndi mnyanga. "Ukadzangokhudzanso mtondo uliwonse m'mudzi muno, udzatenge mphasa yako uzipita. Akamwini ngambiri."

Tsiku limenelo Ntchenzi sadalalate. Adangokhala pakhonde akuyang'ana pamene pankaima mtondo. Nungu adang'ung'udzanso funso lija, ndipo lidatheranso m'malere.

"Apongozi ankaimba imeneyi?" adafunsa Ntchenzi.

"Eya."

"Wovomera analipo?"

"Mudzi wonse. Kwathu lidali lamulo. Nyimbo ya pamtondo wina akaiyambitsa mokweza, ngakhale wodutsa m'njira, onse a pamtondo ankayenera kuvomera mokweza mpaka ithe. Kukhala chete kunali kutukwana."

Atanena zimenezo nzeru idamubwerera. Kenaka adaseka, koyamba pa zaka zinayi.

"Mayi, mundibwereke chitenje."

"Mwapenga?"

"Ndi mpango womwe. Ndipo muyende nyumba ndi nyumba. Mkazi aliyense mumuuze kuti tsiku lobwera Kakowa adzakhale pabwalo, makutu ali tcheru. Asadzalimbane ndi nyimbo yonse. Woyamba adzagwire ndime yoyamba yokha, wachiwiri yachiwiri, choncho mpaka womaliza. Aliyense adzasenze yake."

"Nanga zikakanika?"

"Mudzapeza mkamwini wina. Akuti ngambiri."

Ntchenzi adalowa m'nyumba, adatulutsa chitenje chake cha ku maukwati.

Mwezi utaoneka Kakowa adabwera kudzatenga malichero ake. Mudzi wonse udali pabwalo, mtondo wa mfumu uli pakati ukusinja chimanga chogula kutsidya. Apo Nungu adatulukira atamanga chitenje m'chifuwa, mpango kumutu, minga itaboola nsalu paliponse. Amuna adagwa nacho chiseko. Pusi adachita kugubuduka.

"Mlamu, mwatha msinkhu liti?"

"Ntchenzi wakwatira mkazi mnzake!"

Nungu adayenda chogwada mpaka pamaso pa Kakowa, adaomba m'manja mwaulemu.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa. Ndidalimbana ndi wamkulu. Ndaona kuti ine si mwamuna, ndiye ndavala zondiyenera."

Kakowa adatukula khosi. "Wachedwa nazo nzeru, koma zafika."

"Ndifunseko, bwana, kuti ndisalakwenso. Kukhudza mtondo andiletsa."

"Adakuletsa."

"Kuswa phula n'koletsedwa."

"N'koletsedwa."

"Woswa alibenso chake pa mtondo ndi zonse zili momwemo. Aliyense?"

"Aliyense. Ngakhale mfumu."

"Nanga kuimba chapatali, manja ali kumbuyo?"

Kakowa adayang'ana dongo lake, adaseka. "Pamenepo chiboda sichidanene kanthu. Imba mpaka kukhosi kuume."

"Zikomo, bwana. Paja nyimbo ya mu nsupa mudapeka nokha?"

"Ndekha."

"Palibe pakamwa pena pamene idatulukapo?"

"Palibe."

"Ndiye singandidziwe ine."

"Ikudziwe iwe ngati ndani?"

"Ukaipa dziwa nyimbo," adatero Pusi. "Tiyeni nazo, mayi Nungu!"

Nungu adaimirira, adabwerera mapazi asanu kuchoka pa mtondo, adaika manja kumbuyo kuti onse aone. Adakweza mawu ake oipa, okhala ngati chitseko chakale, n'kuyambitsa funso lija monga ankayambitsira amake, lofunsa kuti mwini mtondo ndani.

Musi udaima m'mwamba.

Kunsi kwa mtondo kudamveka ngati munthu akukonza kukhosi. Kenaka mawu a mkazi wachikulire, osasa pang'ono, adavomera mokweza mpaka nkhuku zidabalalika. Yankho lake lidali lakuti mtondo ndi wa amene manja ake atuwa ndi gaga. Nyimbo ya pamtondo ndi ya pamtondo basi. Ungaitsekere zaka, ikaitanidwa mwa mwambo wake siingakhale chete.

Nungu adafunsanso, nsupa idavomeranso, n'kupitiriza ndime ndi ndime. Ina inkauza musi pokwera, ina potsika, ina inkauchenjeza kuti usamwaze, ina inkaupumitsa. Ndime ikatuluka, mkazi mmodzi ankagwedeza mutu, kusonyeza kuti imeneyo wasenza. Mbira adatenga yake, Gologolo yake, mkazi wa Pusi yake, mpaka Nankafumbwe amene adakhala pa mpanda. Palibe ankasekanso. Misozi ya Nungu inkatsika pa chitenje cha Ntchenzi chija, koma mawu ake sadagwedere.

Atatha mawu a mayi aja, mudatuluka mawu ena, opyapyala, a m'mphuno. Aliyense adawazindikira. Zidali ndime zimene Kakowa adasokererako. Yoyamba inkalamula musi kuti ukaona mawere, mapira kapena makaka, uume gwa. Yachiwiri inkati mwezi ukatha Kakowa asanalandire lichero, musi ugone. Yachitatu inkatchula nyumba ndi nyumba, zimene asinja, zimene abisa, ndi zimene akazi amayankhula pafupi ndi mtondo. Idayamba ndi nyumba ya mfumu, ndipo idafika pa zimene mkazi wa mfumu amanena za kununkha m'kamwa kwa mwamuna wake.

Kakowa adalumpha. "Khala chete! Khala chete, iwe!"

Nsupa siidamumvere, poti nyimbo ikayambitsidwa imayenera ithe. Idalowa pa zimene Kakowa mwini adanong'oneza mkazi wa mfumu tsiku lina mfumu ili kudimba. Apo Kakowa adagwetsa mtondo, adajompha nsupa ndi mlomo kuti aitseke pakamwa. Phula lidasweka, nsupa idang'ambika pakati. M'kati munalibe kanthu koma fumbi ndi kachidutswa ka luzi lakale.



Nungu adavula mpango, adaupinda bwinobwino, adaupereka kwa mkazi wake.

"Mfumu, ine ndakhudza mtondo?"

"Sunakhudze."

"Waswa phula ndani?"

Mfumu Njiri idayang'ana Kakowa, idayang'ana mkazi wake, idayang'ananso Kakowa. "Waswa ndi uyu."

"Chiboda chanu chimati chiyani?"

"Alibenso chake pa mtondo ndi zonse zili momwemo."

"Ndi umodzi wokha umenewo!" adakuwa Kakowa. "Enawo nyimbo ikadali yanga."

"Sunga nsupa zako," adatero Ntchenzi. "Amayi, tiyeni."

Adaimika mtondo wa mfumu uja wopanda nsupa, adakhuthula chimanga, adathiramo mawere. Ntchenzi adayambitsa funso, akazi onse adavomera, kenaka aliyense adatula ndime imene adasenza, motsatana. Za m'mphuno zija adazisiya. Musi udadzuka n'kuyamba kuvina pa mawere. Mphamvu siidali mu nsupa. Nsupa inkangobwereza zimene idaba.

Tsiku lomwelo nyumba iliyonse idazula nsupa kunsi kwa mtondo wake, n'kukaziunjika pamapazi pa Kakowa.

Mfumu Njiri, poona kuti zinthu zatembenuka, idakonza kukhosi. "Tsopano nyimboyi izisungidwa kunyumba ya mfumu. Wofuna kusinja azidzapempha kwa ine."

"Ayi," adatero Nungu.

"Ukuti chiyani, mkamwini?"

"Ndati ayi. Nyimboyi ndi ya mayi anga, ndipo idabwera ndi lamulo lake. Woiphunzira aphunzitse aliyense womupempha, wa muno kapena wa kutsidya. Wofuna kuisintha asinthe, mtondo ndi wake. Koma woonjezera ndime aiimbe mokweza pabwalo, onse amve chimene ikuuza musi, ndipo amene waikonda aitenge. Yonong'ona ayi. Ya mu nsupa ayi. Ngakhale uyu akafuna, aimbe nawo, koma mokweza."

"Adakupatsa mawu pabwalo pano ndani?"

"Ife," adatero Mbira, ndipo akazi onse adavomera ngati ndime ya nyimbo. Mfumu idawerenga mitu ya akaziwo, idakumbukira kuti iyo siidagwireko ndime ngakhale imodzi, idakhala pansi.

Mwezi usanathe Gologolo adapeka ndime ya nsinjiro, kuti musi uzigunda mofatsa mtedza usachite mafuta. Mbira adapeka ya makaka. Mkazi wa Pusi adapeka ina imene idamwaza ufa bwalo lonse, anzake adamuseka, adamukonzera pamene padalakwika, idakhala bwino. A midzi ina adabwera kudzaphunzira, adapita nayo, ndipo idabwerako ili ndi ndime zimene kuno sankazidziwa. Nungu adasema mitondo ina yambiri. Pabwalo akati ayankhule, Pusi yemwe ankauza anzake kuti akhale chete. Chitenje chija Ntchenzi sadachisoke. Amachivala chobookabooka chomwecho ku maukwati, ndipo wofunsa amamuuza yekha amene adachiboola.

Koma tsiku lija, Kakowa asanauluke, Nungu adamuimika.

"Mtondo wa mayi anga."

"Uli kutsidya."

"Udati tsiku limene tidzaufune udzabweza. Ndaufuna."

"Ndibweretsa mawa."

"Adakumanga phiko ndi luzi lawo. Udadya pa mtondo umenewo dzinja lonse."

"Ndati mawa."

Ena onse adaiwala mitondo yawo yakale, poti yatsopano inkagwira ntchito. Nungu sadaiwale. N'chifukwa chake Kakowa safika pakhomo pa munthu. Amangoyenda kumbuyo kwa Ng'ombe kudambo, zovala zili mbee, maso ali pansi ngati wataya kanthu. Nungu akamuona amagwedeza minga, Kakowa n'kusuntha.

Wamva wamva, nthano yatsikira pamenepa. Mtondo wa mlombwa wa amake a Nungu, Kakowa sadabweze mpaka lero.